Kalata yotseguka: laisensi ya ku Malawi imafa pakatha miyezi 12 ku Britain

Olemekezeka a Nduna ya Zamtengatenga,
Olemekezeka a Nduna yoona za Maubale ndi Mayiko Akunja,
A Kazembe athu ku London,
Ndi inu akuluakulu a ku Road Traffic,

Landirani moni wanga. Ndikulemba ndili ku Scotland, kumene ndinabwera kudzaphunzira. Ndasankha dala kulemba m'Chichewa kuti makolo amene akugulitsa ng'ombe ndi mapuloti potumiza ana kuno, komanso anzanga amene akulongedza zikwama chaka chino, amve nawo zimene ndikukupemphani.

M'kachikwama kanga muli laisensi ya ku Malawi. Ndinaipeza moona. Ndinalipira sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto ku Lilongwe, ndinayesedwa, ndinakhoza. Ndinayendetsa zaka 11 ndisanachoke kumudzi, ndipo popeza ntchito yanga inali ya m'maboma, msewu wa M1 ndimaudziwa ngati njira ya kuchitsime. Ndatsika mtsetse wa Chiweta mvula ikukhuthuka, ndadutsa m'chifunga cha Chikangawa m'mamawa nyali zili ngwee, ndapatukira mathanki a mafuta ndi akabaza osawerengeka, osagunda ngakhale mbuzi ya mwini. Tsiku lolembedwa pa laisensiyo likunena kuti ikadali ndi moyo. Koma kuno inafa kalekale, tsiku limene ndinakwanitsa chaka chimodzi.

Lamulo la kuno ndi ili. Munthu wochokera dziko ngati lathu amaloledwa kuyendetsa galimoto yaing'ono ndi laisensi ya kwawo kwa miyezi 12, kuwerenga kuchokera pamene anayamba kukhala m'dzikomo. Miyeziyo ikatha amabwerera pa chiyambi: atenge laisensi ya wophunzira kuyendetsa, imene amaitcha provisional, akhoze mayeso a pakompyuta, kenako akhoze mayeso a pamsewu. Pamene akudikira mayesowo, galimoto yake iyenera kukhala ndi chilembo chofiira cha L kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo pambali pake pakhale munthu wa zaka zosachepera 21 amene wakhala ndi laisensi yonse kwa zaka zitatu. Dzulo unkayenda wekha kupita ku Glasgow, lero sungapite ngakhale kugolosale popanda wokuyang'anira.

Zikanakhala kuti lamuloli ndi la alendo onse, ndikanangoti mlendo satsutsa malamulo a pakhomo pa eni ake, ndikanakhala chete. Koma pali mndandanda wa mayiko amene malaisensi awo amangosinthidwa, popanda mayeso. Pali Australia, Canada, Japan, Singapore, New Zealand, Barbados ndi ena. Mwa mayiko onse a mu Africa, pamndandandapo pali awiri okha: South Africa ndi Zimbabwe. Malawi palibe. Zambia palibe.

Ndinaziona ndi maso anga. Tinkakhala nyumba imodzi ndi mnzanga wa ku Zimbabwe, amene agogo ake anachokera ku Dedza nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo Chichewa amachiyankhula chothyokathyoka koma chomveka. Tinafika mwezi umodzi, tinkaphunzira m'kalasi imodzi. Madzulo ena anakhala pa tebulo la kukhitchini ndi fomu ya D1 imene anakatenga ku positi ofesi. Anaidzaza tiyi asanazizire, anaika laisensi yake ya ku Harare m'emvulopu pamodzi ndi chithunzi ndi malipiro a mapaundi 43, n'kutumiza ku DVLA, ofesi ya malaisensi ya kuno imene ili mumzinda wa Swansea. Patapita masabata ochepa, kakhadi kapinki ka laisensi ya kuno kanagwa pa chitseko. Lamulo limamupatsa zaka zisanu kuti asinthe, ndiye sanafunike n'kuthamanga komwe. Ndinasangalala naye moona mtima, pakuti ndi m'bale wanga ndipo sanalakwe kanthu. Koma usiku umenewo tulo sitinabwere msanga. Tonse timayenda kumanzere kwa msewu monga a kuno. Zikwangwani zathu n'zofanana. Tonse tili mu SADC. Madalaivala athu amadutsa pa Nyamapanda ndi pa Beitbridge tsiku ndi tsiku ndi laisensi yomweyi, n'kufika mpaka ku Durban ndi katundu wa matani makumi atatu. Nanga chimene chimachititsa kuti ya mnzanga isinthidwe ndi emvulopu, yanga itayidwe, n'chiyani?

Ena amaganiza zozembera kudzera ku South Africa, kuti akasinthe laisensi ya ku Malawi kukhala ya ku Joni, kenako adzasinthe imeneyo kuno. Khomo limenelo anatseka. Amayang'ana dziko limene munthu anayesedwerako, osati limene linasindikiza khadi. Ena amabwera ndi chikalata chija chotchedwa International Driving Permit n'kumaganiza kuti chiwonjezera masiku. Sichiwonjezera ngakhale tsiku limodzi. Ena amauzana kuti ukapita kumudzi pa tchuthi n'kubwerera, miyezi 12 ija imayambiranso. Kwa munthu amene akukhala kuno, siyambiranso. Mphekesera zoterezi zimayenda m'magulu athu a pa WhatsApp usana ndi usiku, ndipo zimayenda chifukwa palibe mawu omveka ochokera kwa inu amene angazitsutse.

Chimene chimasokoneza ophunzira kwambiri ndi funso looneka lophweka: kodi wophunzira ndi wokhala m'dziko muno, kapena ndi mlendo? Ku yunivesite ndine mlendo, ndipo ndimalipira fizi ya alendo, yokwera kwambiri kuposa ya eni dziko. Pa viza yanga analemba kuti ndilibe gawo pa thandizo la boma. Kuchipatala ndimalandiridwa chifukwa ndinalipiriratu mapaundi 776 pa chaka chilichonse cha viza. Zonsezi zimamuphunzitsa munthu kudziona ngati wodutsa. Ndiye akamva kuti miyezi 12 imawerengedwa kwa munthu "wokhala" m'dzikomo, amaganiza kuti iyeyo sizikumukhudza. Koma kwa oona za malaisensi, muyeso ndi masiku 185. Kuti upatsidwe provisional, uyenera kukhala ndi chilolezo chokhala ku England, Scotland kapena Wales kwa masiku osachepera 185. Kuti ulowe mayeso, kaya a pakompyuta kaya a pamsewu, uyenera kukhala utakhaladi kuno masiku 185 m'miyezi 12 yapitayo. Mawu amodzi omwewo a "kukhala" ali ndi tanthauzo lina pa khomo lililonse limene ungagogode, ndipo munthu amene wangotsika ndege, mutu uli pa lendi, pa jekete ya chisanu ndi pa maphunziro, palibe amene amamukhazika pansi kumufotokozera.

Chonde, akuluakulu, tengani kalendala muwerenge nane, chifukwa apa ndi pamene pagona vuto. Ophunzira athu ambiri amabwera kudzachita digiri ya masitazi ya chaka chimodzi, ena pa thumba la makolo, ena pa thandizo la maphunziro la Chevening, Commonwealth kapena Beit. Amafika pakati pa Seputembala. Masiku 185 amakwana cha pakati pa Malichi, ndipo ngati anapita kumudzi pa Khirisimasi kapena kumaliro, tsikulo limasunthira kutsogolo. Pamenepo m'pamene angalowe mayeso a pakompyuta: mafunso 50, ndipo ayenera kukhoza 43, kenako timakanema 14 toyesa ngati amaona ngozi isanafike, pamene pamafunika mamalikisi 44 mwa 75. Akakhoza amenewo m'pamene amaloledwa kupempha tsiku la mayeso a pamsewu. Zaka zino, kuyambira nthawi ya Covid, mzere wa mayeso a pamsewu ndi wautali koopsa, ndipo m'malo ambiri munthu amadikira miyezi isanu. Malichi kuwonjezera miyezi isanu ndi Ogasiti. Ogasiti ndi mwezi umene wophunzirayo akulemba kafukufuku wake womaliza, osagona. Akalephera kamodzi, zomwe zimachitikira anthu ochuluka, eni dziko omwe, Seputembala wakwana ndipo laisensi ya kwawo yafa. Mpata wonse umene lamulo likuoneka ngati lapereka, wa chaka chathunthu, ukauyeza bwino ndi wa kuyesa kamodzi kokha.

Ine ndinachedwa kuzindikira zimenezi. Nditafika ndinafunsa pa ofesi ina yothandiza ophunzira akunja, ndipo anandiyankha mwaulemu kuti ndili ndi chaka chonse, ndisade nkhawa. Sananame, koma sanandiuze za mzere. Pamene ndinkadzidzimuka, masiku onse a mayeso m'dera langa anali atatengedwa.

Mwina wina angafunse kuti wophunzira akufuniranji galimoto ku dziko la mabasi ndi masitima. Funsolo n'loyenera, ndipo kwa amene ali pakati pa London kapena Edinburgh yankho lingakhale lakuti sakuifuna. Koma viza ya wophunzira imalola kugwira ntchito maola 20 pa sabata nthawi ya sukulu, ndipo sililola kudzilemba wekha ntchito. Ntchito zimene timapeza ambiri mwa ife ndi za m'nyumba zosamalira okalamba, kapena zoyendera odwala m'makomo mwawo, kapena za m'nyumba zosungiramo katundu kunja kwa tauni. Zambiri mwa izo, funso loyamba ndi lakuti, kodi muli ndi laisensi? Ine ndimagwira pa nyumba ya okalamba m'kamudzi kena kunja kwa mzinda. Chaka choyamba ndinali ndi kagalimoto kakale kamene tinasonkherana ndi mnzanga, ndipo ulendo unali wa mphindi 25. Laisensi itafa, ulendo womwewo unasanduka wa mabasi awiri. M'mwezi wa Januwale kuno kumacha mochedwa, dzuwa limatuluka nthawi itadutsa 8 koloko, ndipo pofika 4 koloko madzulo kwada. Ndikaweruka shifiti ya usiku ndimaima pa siteji, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, zala zitauma m'magolovesi, ndikuyang'ana nyali za basi imene Lamlungu imabwera kamodzi pa maola awiri. Kagalimoto kaja kali phee pabwalo la nyumba, chipale chitakuta galasi. Ndimafika m'kalasi maso ali psuu. Mayi wina wa kwathu, namwino amene akuchita digiri ya udokotala wa zofufuza ndipo anabwera ndi ana awiri, amadzuka 5 koloko kuti akasiye ana kwa woyang'anira ndi wapansi, kenako athamangire basi. Kumudzi mayiyu ankayendetsa yekha kupita ku zipatala za kumidzi.

Ndalama zake nazonso si zamasewera. Provisional ndi mapaundi 34 ukapempha pa intaneti. Mayeso a pakompyuta ndi mapaundi 23. A pamsewu ndi mapaundi 62 m'kati mwa sabata, 75 madzulo kapena kumathero a sabata. Zimenezo n'zochepa poyerekeza ndi aphunzitsi. Ine ndimalipira mapaundi 40 pa ola, ndipo ola limodzi limenelo limadya malipiro anga a maola atatu. Kwa kholo limene likutumiza ndalama kuchokera ku Mchinji kapena ku Mulanje, pambuyo pa kugwa kwa kwacha ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, komanso ndi kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki, ola limodzi limenelo ndi matumba a chimanga.

Ndinene chilungamo, maphunzirowo andithandiza. Kuno woyesa amayang'ana ngati ukuona pa galasi usanasinthe liwiro, ngati ukulowa pa raundabauti ya mizere itatu uli mu mzere woyenera, ngati ukupereka mpata wokwanira kwa wa njinga. Amakulola zolakwa zazing'ono 15, koma cholakwa chachikulu chimodzi chokha chimakugwetsa. Pali zizolowezi za kwathu zimene ndasiya, ndipo ndidzabwera nazo kumudzi zimene ndaphunzira. Sindikunena kuti mayeso a kuno ndi achabe. Ndikunena kuti munthu amene anayesedwa kale moona ndi boma lake ayenera kukhala ndi boma limene limaima kumbuyo kwa chikalata chimene linamupatsa.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi anzathu amene amangopitiriza kuyendetsa miyezi 12 itadutsa, ena mosadziwa, ena chifukwa akasiya ntchito yatha. Apolisi a kuno sadalira marodibuloko okha. Makamera amawerenga nambala. Kuyendetsa popanda laisensi yoyenera kuli ndi mapointi a chilango atatu mpaka asanu ndi limodzi pa laisensi yako, ndi chindapusa chofika mapaundi 1,000. Choipa kwambiri n'chakuti inshuwalansi imene wakhala ukulipira mwezi ndi mwezi ikhoza kukanidwa, ndipo kupezeka wopanda inshuwalansi ndi mapaundi 300, mapointi 6, ndipo galimoto akhoza kulanda pomwepo. Nkhani ikafika kukhoti, imakhala m'mbiri yako, ndipo mafomu a viza yotsatira amafunsa za milandu. Mwana amene banja lonse linasonkhera kuti akaphunzire akhoza kuwononga tsogolo lake chifukwa cha tsiku limene sanaliwerenge bwino.

Tsono pempho langa lalikulu lili kwa inu a Nduna awiri ndi a Kazembe. Mndandanda uja sunagwe kumwamba, ndipo sunatsekedwe. Mu 2021 anawonjezerapo Ukraine, Taiwan, United Arab Emirates, North Macedonia ndi Cayman Islands. Nkhondo itabuka ku Ukraine, mu 2023 boma la Britain linatalikitsa nthawi imene anthu a kumeneko angayendetse ndi laisensi ya kwawo, kuchoka pa miyezi 12 kufika pa 36. Zimenezi zikusonyeza kuti lamuloli limasintha pakakhala wolankhula. Dziko limaikidwa pamndandandapo akuluakulu a kuno akakhutira ndi mmene limayesera madalaivala ndiponso mmene limaperekera ndi kusungira malaisensi. Ubale wathu ndi Scotland ndi wakale, kuyambira masiku a David Livingstone amene mudzi wa kwawo unapereka dzina kwa mzinda wa Blantyre, mpaka mgwirizano umene Pulezidenti Bingu wa Mutharika ndi a Jack McConnell, amene anali mtsogoleri wa boma la Scotland, anasainira mu 2005. Koma za malaisensi sizili m'manja mwa boma la ku Edinburgh. Zili ku London ndi ku Swansea, ndipo kumeneko ndi kumene muyenera kukagogoda. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. A ku Britain sadzadzuka okha m'mawa wina n'kukumbukira Malawi. Lembani kalata ya boma, funsani zimene amafuna kuona, aitaneni adzaone mmene timayesera anthu. Ngati pempho lotere linapitapo kale, tiuzeni yankho limene linabwera, kuti tidziwe chimene chinatilepheretsa.

Ndikudziwa kuti akadzabwera adzafunsa mafunso owawa, ndipo apa ndikulankhula ndi inu a ku Road Traffic. Munachita bwino kubweretsa dongosolo latsopano la pakompyuta la MalTIS mu 2015, kuti laisensi imangirizidwe ku chala ndi nkhope ya mwini wake. Amenewo ndi maziko abwino oyambira kukambirana. Koma Mmalawi aliyense amadziwa mawu oti dobadoba, ndipo nkhani za anthu opeza malaisensi osagwirapo chiwongolero zakhala zikutuluka m'manyuzipepala kwa zaka zambiri. Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Laisensi iliyonse yogulidwa imatsitsa mtengo wa laisensi yanga, ya namwino uja, ndi ya dalaivala aliyense woona mtima. Lipoti la World Health Organization la 2015 linaika Malawi pakati pa mayiko amene anthu amafa kwambiri pamsewu poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake. Amene amafa ndi amayi opita kumsika, ana a sukulu, okwera minibasi ndi kabaza. Ntchito imene mungagwire kuti a ku Swansea akhulupirire khadi lathu ndi yomweyo imene ingachepetse maliro pa M1: mayeso amene sangagulidwe, oyesa amene amayang'aniridwa, ndi kaundula amene dziko lina lingafunse n'kuyankhidwa sabata yomweyo.

Pa nkhani ya kaundulayo pali kanthu kakang'ono kamene mungachite osadikira aliyense. Makampani a inshuwalansi kuno amatitenga ngati anthu amene tangoyamba kuyendetsa dzulo, ndipo amatilipiritsa moteromo. Kampani ina inandifunsa umboni wa zaka zanga 11, ndipo ndinalibe choonetsa kupatula khadi. Pakhale njira yoti Mmalawi ali kunja apemphe pa intaneti kalata yotsimikizira tsiku limene anakhoza mayeso, gulu la galimoto limene amaloledwa, ndi mbiri yake ya pamsewu, alipire, ailandire, popanda kutuma m'bale kukakhala pamzere. Pakhalenso njira ya amene laisensi yawo yatha masiku ali pasukulu kunja, chifukwa tikiti ya ndege yopita ku Lilongwe si yogula pofuna kungosindikiza chala.

Chotsala n'chosafuna ndalama. A Kazembe, ofesi yanu ikonze tsamba limodzi, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, lofotokoza zinthu izi momveka: kuti miyezi 12 imayamba liti, kuti tchuthi cha kumudzi sichiyambitsanso kuwerenga, kuti wophunzira apemphe provisional akangokhazikika osadikira, kuti alowe mayeso a pakompyuta masiku 185 akangokwana, kuti amene wayesedwa ndi galimoto ya otomatiki sadzaloledwa kuyendetsa ya magiya, ndiponso kuti ku Northern Ireland kuli ofesi yakeyake ndi dongosolo lakelake. Tsambalo liperekedwe pamisonkhano yotsanzikana ndi ophunzira ku Lilongwe ndi ku Blantyre, liikidwe pa Facebook, litumizidwe ku mabungwe a Amalawi m'mizinda ya kuno. Ife amene tadutsamo tili okonzeka kulilemba limodzi nanu, ndipo tikhoza kusonkhanitsa mayina a Amalawi amene akhudzidwa, kuti mukamapita kukakambirana mukhale ndi chogwira m'manja.

Ine tsiku langa la mayeso a pamsewu ndinalipeza, ku tauni ina ya mtunda wa maola awiri kuchokera pamene ndikukhala, ndipo ndikukonzekera. Zanga zidzatha mwanjira ina iliyonse. Ndikulembera amene adzatsike ndege Seputembala akubwerayu, laisensi yatsopano ili m'thumba, akuganiza kuti ali ndi chaka chonse. Ndikupempha yankho lanu poyera, kuti nawonso alimve asananyamuke.

Ine wanu modzichepetsa,
Mmalawi wophunzira ku Scotland